Desiki Siichitira Inzake Umboni

Mu ofesi ya boma yoona zamaphunziro, kumapeto kwa khonde lonunkha mapepala akale, munkagwira ntchito bambo wina wathupi amene anthu ankangowatchula kuti a Ndime, chifukwa ngakhale ukawapempha madzi akumwa ankayamba afufuza kuti zili pa ndime iti ya buku la malamulo. Tsiku lotseka chaka cha ndalama za boma, wani koloko itangodutsa, chitseko chawo chidakankhidwa ndi phazi, ndipo mudayamba kulowa miyendo ya desiki, kenako desiki yonse, kenako mayi wamfupi amene adaisenza pamutu, mtsamiro ali nawo kukhwapa.

"Odi muno," adatero mayiwo atatula kale katundu wawo pakati pa chipinda.

"Odi amachita asanalowe, mayi."

"Manja anali otanganidwa. Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndinali nditaswera bwino. Ichi n'chiyani?"

"Desiki."

"Ndikuona kuti ndi desiki. Ikudzatani muno?"

"Yabwera kuti muione."

A Ndime adavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya tayi. Mayiwa ankawadziwa, ndipo kuwadziwako sikunkawasangalatsa. Adali a Hedi a sukulu ya pulayimale ya kutali uko kumene basi imatembenukira, ndipo chaka chimenechi adali atabwera kale katatu ndi nkhani imodzimodzi. Desiki adabwera nayoyo idali ya mtundu uja wolumikiza pokhala ndi polembera, yakuda bii ndi manja a ana, miyendo yake yokulungidwa ndi waya.

"Mwezi watha munandiuza kuti fomu ya madesiki othyoka simungasaine musanaone ndi maso anu," adatero a Hedi.

"Ndime 9."

"Ndinakuitanani kusukulu. Simunabwere."

"Galimoto ya ofesi ilibe matayala."

"Mpaka lero? Si munati ndalama za maulendo zinabwera?"

"Zinabwera. Mafuta tinagula, ali m'migolo kuseri uku. Koma tayala si ulendo, mayi. Tayala ndi chokonza."

"Ndiye tengani ndalama za zokonzazo."

"Thumba la zokonza silitsegulidwa woyendera asanaone chowonongekacho."

"Woyenderayo si inu?"

"Ndine. Koma munthu sayendera galimoto yake yomwe. Ayenera kubwera a ku likulu."

"Nanga akulekeranji kubwera?"

"Iwo matayala ali nawo. Mafuta ndiye alibe."

"Bwanji osawatumizira mafuta anuwo?"

"Pa chiyani, mayi? Galimoto ilibe matayala."

A Hedi adakhala pampando wa alendo osauzidwa, mtsamiro uja n'kuuika pamiyendo. A Ndime adaona kuti mayiwa sakumvetsa kayendedwe ka zinthu, ndipo kufotokozera munthu wosamvetsa ndiko kudali ndiwo yawo yapamtima. Adakoka kapu ya tiyi, sitepula ndi chidindo, n'kuzindandalika patebulo.

"Taonani. Boma limatipatsa ndalama m'matumba atatu. Kapuyi ndi thumba la maulendo. Sitepulayi ndi thumba la zogula zatsopano, limene ndi la masukulu atsopano okha. Chidindochi ndi thumba la zokonza. Ntchito ya ofesi ino ndi kuonetsetsa kuti ya m'kapu isalowe m'sitepula."

"Ine ndimayesa ntchito yanu ndi yoti ana aphunzire."

"Imeneyo ili pa ndime 1. Ndime 1 ndi mawu oyamba chabe, ilibe thumba."

"Ndiye mu chidindomo muli kanthu?"

"Muli, zosakhudzidwa n'komwe," adatero a Ndime monyadira. "Folo koloko ikakwana lero, zonse zibwerera kumene zinachokera." Adaloza kukhoma kumene kudapachikidwa kalata ya m'felemu. "Mukuiona iyo? A ku likulu anandiyamikira chaka chatha chifukwa chobweza thumba lathunthu. Zaka twente seveni ndili pampando uno, ndipo palibe pepala langa ndi limodzi lomwe limene linabwezedwapo."

"Ndikuiona. Felemu yake ndi yolimba kuposa desiki yanga." A Hedi adasendeza mpando pafupi. "Bambo, mayeso a ana a kalasi yomaliza atsala masabata atatu. Oyang'anira mayeso anandiuza kuti mwana aliyense akapanda kukhala ndi desiki yolimba, pasukulu pathu sipalembedwa mayeso. Ana anga fote adzayenera kukalembera tsidya la mtsinje, ulendo wa maola awiri wapansi. Zinachitikapo zimenezi. Mtsinje unadzaza, ana asanu ndi awiri sanalembe, ndipo kusukulu sanabwererenso. Kalipentala ali chile, matabwa anawaona kale. Akungodikira pepala lanu."

"Zomvetsa chisoni," adatero a Ndime, ndipo chisonicho adachimvadi pang'ono. Panja hutala ya galimoto idalira kawiri. "Ndani akusokosa pabwalo la boma?"

"Mlamu wanga ameneyo. Lole ndi yobwereka kwa abwana ake, ndiye mtima uli m'mwamba."

"Lole yathunthu chifukwa cha desiki imodzi? Kuononga kumeneko, mayi. Nanga mtsamirowo?"

"Ndi wanga."

"Muno simugonedwa."

"Ndikudziwa."

A Ndime adatsegula buku lawo la malamulo, lija la chikuto chomatidwa ndi selotepi, n'kunyambita chala.

"Tisanapite patali. Desikiyi ndi katundu wa boma. Inatuluka bwanji pasukulu?"

"Pakhomo."

"Ndikunena chilolezo. Ndime 22. Katundu wa sukulu satuluka popanda kalata yopempha ndi kalata yovomera."

"Wopempha ndani?"

"Amene akutulutsa katunduyo."

"Ndine. Wovomera?"

"A Hedi a sukuluyo."

"Ndinenso."

"Ndiye mudzilembere kalata, mudziyankhe."

A Hedi sadatsutse. Adatenga mapepala awiri patebulo la a Ndime, n'kulemba mofulumira ndi cholembera chofiira chochongera ntchito ya ana. A Ndime adawerenga makalata onse awiri mpaka pansi, milomo ikuyenda.

"Tsiku ndi limodzi."

"Eya, ndi lero."

"Pempho ndi yankho sizikhala tsiku limodzi. Zimaoneka ngati simunaganizire."

"Bweretsani." A Hedi adakonza tsiku la pempho. "Ndinadzipempha dzulo. Ndagona ndikuganiza, m'mawa uno ndadzilola."

"Apo ndiye zayenda," adatero a Ndime mokhutira, n'kuboola makalatawo ndi kuwaika m'faelo.

"Tsopano, mukaiona desiki iyi, mulemba madesiki onse fote?"

"Aa, ayi. Ndime 14. Chilichonse chionedwe ndi kuyesedwa pachokha. Desiki siichitira inzake umboni, mayi."

"Ngakhale onse anakhomedwa tsiku limodzi ndi munthu mmodzi?"

"Ngakhale atakhala mapasa."

"Chabwino."

Chabwino ameneyo adatuluka msanga kwambiri, ndipo a Ndime sadamukonde. Maulendo atatu apitawo mayiwa pofika apa ankakhala atayamba kale kumenya tebulo. Komabe adadzuka, n'kuika manja kumbuyo, n'kuyamba kuizungulira desiki ija pang'onopang'ono monga achitira munthu wogula mbuzi. Adawerama, n'kukhudza mwendo umodzi ndi cholembera.

"Uyu n'chiyani?"

"Waya."

"Anamanga ndani?"

"Makolo. Loweruka lililonse amabwera ndi pulayala ndi misomali yowongola. Apa panali patang'aluka, anaikapo kachitsulo ka chitini. Mwendo uwu si wake, unachokera ku mpando wanga."

"Ndiye desikiyi ndi yokonzedwa."

"Ndi yothyoka."

"Inali yothyoka. Munaikonza."

"Bambo, igwedezeni muone."

"Kugwedezeka si kuthyoka. Ndime 11. Chothyoka ndi chinthu chimene zigawo zake zasiyana. Izi zili pamodzi."

"Zili pamodzi ngati banja longokhalira ana."

"Banja longokhalira ana ndi banja ndithu, mayi. M'kaundula amalemba kuti okwatirana."

A Hedi adapumira m'mwamba, n'kuufinya mtsamiro uja. A Ndime adabwerera kutebulo nkhope ikuwala, pakuti adakumbukira ndime ina imene m'zaka zawo zonse adali asanaigwiritsepo ntchito, ndipo ndime yatsopano inkawakomera ngati malaya atsopano.

"Ndili ndi nkhani yabwino. Mwati makolo amakonza okha Loweruka lililonse?"

"Lililonse, ngakhale kugwe mvula."

"Ndiye sukulu yanu ikulowa m'gulu la masukulu odzidalira. Ndime 27."

"Amalandira chiyani amenewo?"

"Satifiketi yoyamikira."

"Ndi ndalama?"

"M'malo mwa ndalama. Dzina la sukulu timalichotsa pamndandanda wa zokonza, popeza mukukwanitsa nokha. Felemu mukagula nokha."

"Ana akhala pa satifiketi polemba mayeso?"

"Ayi, imapachikidwa kukhoma."

A Hedi adadzuka. Adagwada pafupi ndi desiki, n'kugwira nsonga ya waya, n'kuyamba kuipotokola ndi zala.

"Mukutani?"

"Ndikumasula banja."

"Lekani!" A Ndime adafika pomwepo msanga kuposa mmene thupi lawo linkalolera. "Kumeneko ndi kuononga dala katundu wa boma, pamaso pa woyendera. Ndime 31. Ntchito imatha, ndi penshoni yomwe."

"Ndikamanga waya ndalakwa. Ndikamasula ndalakwa."

"Ayi, pomanga simunalakwe. Munachita bwino kwambiri. N'chifukwa chake simulandira kanthu."

"Ndiye ndikanangowasiya ana azigwa?"

"Mukanawasiya, bwenzi fomu nditasaina kale."

Mawuwo atatuluka, a Ndime iwo eni adachita manyazi. Adathawira m'buku, ndipo ataona kuti zimene adanenazo zidali zoona monga mwa ndime, mtima udakhalako pansi. A Hedi adadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo. Panja hutala idaliranso, katatu tsopano.

"Tawerenganinso ndime 14 ija," adatero a Hedi.

"Ndimaidziwa pamtima. Chilichonse chionedwe ndi kuyesedwa pachokha."

"Kuona mwaona. Kuyesa?"

"Ndaigogoda ndi cholembera."

"Tembenuzani tsamba. Pali timawu ting'onoting'ono pansi."

"Buku langa mukulidziwa bwanji inu?"

"Katatu konse munandidikiritsa pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pabenchi paja pali lina lomangiriridwa ndi chingwe. Ndinalibe china chowerenga."

A Ndime adatembenuza tsamba. Timawuto tidalipodi. Adatiwerenga mokweza, mawu akunka natsika: "Poyesa desiki, woyendera akhalepo ndi kulembapo, monga achitira mwana wa sukulu." Adayang'ana desiki, n'kuyang'ana mimba yawo, n'kuyang'ananso desiki. M'zaka twente seveni palibe desiki idafikapo pamaso pawo kuti iyesedwe, ndipo tsamba limeneli lidali loyera kuposa ena onse.

"Apa akunena woyendera wa msinkhu wamba," adatero.

"Alemba choncho?"

"Sanalembe."

"Ndiye khalanipo. Koma ndikuuzeni kaye kakhalidwe kake. Ana athu timawaphunzitsa sabata yoyamba. Mumakhala mbali imodzi, phazi lamanzere mumachirikiza mwendo uwu, chigongono osatsamira. Mukafuna kuyetsemula mumakweza dzanja, mnzanu amadzagwira."

"Buku likuti kukhala. Silikuti kukhala mwaluso."

"Zanu zimenezo. Ine ndanena."

A Ndime adatenga fomu ndi cholembera. Adakweza buluku pang'ono m'mawondo, n'kukoka mpweya kuti mimba ichepe, n'kudzilowetsa cham'mbali pakati pa pokhala ndi polembera. Desiki idalira kwee, n'kupendekera kumanja, n'kubwereranso. Kenako kudangoti zii. Desiki ija, imene kusukulu inkagwa ngakhale mwana atangotsokomola, idaima nji ngati mwana wopulupudza pamaso pa alendo.

"Mwaona?" adatero a Ndime.

"Dikirani."

"Ndadikira."

"Tagwedezekani pang'ono."

A Ndime adagwedezeka. Waya adalira, koma adagwira.

"Tsamirani chigongono."

Adatsamira zigongono zonse ziwiri.

"Iwe," a Hedi adalankhula ndi desikiyo motsitsa mawu, "dzana unagwetsa kamwana kosalemera ngakhale ngati nkhuku. Lero ukundichititsa manyazi?"

"Makolo anu ndi amisiri, mayi. Muwayamikire." A Ndime adayala fomu, n'kulemba mosamala chilembo chimodzichimodzi, lilime lili kunja: YOLIMBA.

Apa nkhope ya a Hedi idagwa, ndipo a Ndime adaona koyamba kuti mayiwa ndi wotopa. Nsapato zawo zidali zofiira ndi fumbi, ndipo pamutu padali potsendereka pamene padakhala desiki.

"Bambo," adatero mwakachetechete, "ndikukupemphani ngati kholo linzanga. Pepala limeneli likapita, ana aja ndikawauza chiyani? Ena ndinachita kukawatenga kumunda ndi kumsika kuti abwerere m'kalasi. Ndinawalonjeza kuti adzalembera pasukulu pawo."

"Ndikumva, mayi. Inenso ndili ndi adzukulu. Koma ine ndimalemba zimene ndaona." Adayesa kudzuka, koma mimba idakana kutuluka. "Tandipatsirani chidindo icho."

"Ndikupatseni ndi dzanja langa?"

"Pepala lopanda chidindo ndi pepala wamba."

A Hedi adachiyang'ana chidindocho kanthawi. Kenako adachinyamula pamodzi ndi kabokosi kake ka inki, n'kuziika padesiki. A Ndime adachinyika mu inki katatu, n'kuchiuzira mpweya, n'kukweza dzanja mpaka kudutsa khutu. Anthu a pakhonde lonselo ankadziwa kulira kwa chidindo cha a Ndime, pakuti pa ntchito yonse ya boma mphamvu zawo ankazisungira pamenepa.

Chidindo chidatera. Desiki idangoti phwasu.

Polembera padapita kutsogolo, pokhala padapita kumbuyo, mwendo uja wa mpando wa a Hedi udauluka n'kukagunda kabati. A Ndime adapezeka ali chagada, miyendo m'mwamba, nsapato imodzi itavuka. Fomu ija idang'ambika pakati, inki idakhuthukira pamalaya, ndipo kalata ya m'felemu kukhoma idapendekeka.

"Mwavulala, bambo?"

"Msana," adatero a Ndime akuyang'ana kudenga.

"Kwezani dzanja. Mnzanu adzagwira."

Mayiwo adawakoka a Ndime mpaka adakhala tsonga pakati pa matabwa. A Hedi adawatolera magalasi ndi nsapato, n'kubwerera pampando wawo, n'kupinda manja pamwamba pa mtsamiro.

"Tsopano tandiuzani, poti malamulo mumawadziwa ndinu. Zigawozi zili pamodzi?"

"Zasiyana."

"Ndiye yathyoka?"

"Yathyoka."

"Waithyola ndani?"

A Ndime adayamba kupukuta inki pamalaya.

"Ndikufunsa chifukwa cha ndime 31 ija," adapitiriza a Hedi mokoma mtima. "Ine ndinakuuzani kakhalidwe kake, inu munakana. Ndiye munaimenya ndi chidindo, ine ndikuona. Ngati mwaithyola ndinu, ndiye kuononga katundu wa boma pamaso pa a Hedi. Paja munati chimatha n'chiyani? Ntchito ndi chiyani china?"

"Desiki yolimba siingathyoke ndi chidindo," adatero a Ndime msangamsanga.

"Koma munalemba kuti yolimba."

"Pepalalo lang'ambika. Pepala long'ambika si pepala. Ndime 40."

"Ndiye inali yotani?"

"Inali yothyoka kale. Waya uja anali chophimba m'maso chabe."

"Nanga satifiketi yathu?"

"Sukulu imene madesiki ake akugwetsa akuluakulu a boma si yodzidalira, mayi."

A Ndime adadzuka mogwira m'chiuno, n'kutsimphina mpaka patebulo. Chaona mnzako chapita, akuluakulu adatero, ndipo a Ndime mawa lawo lidali litafika masana omwewo. Adatulutsa fomu ina, ndipo nthawi ino sadatulutse lilime. Adalemba mothamanga: madesiki othyoka, fote. Adasaina, n'kudinda mofatsa ngati akugoneka khanda, n'kulikankhira pepalalo kwa a Hedi.

"Tengani. Mupite nalo pawindo lachiwiri folo isanakwane. Muyende bwino, ndipo matabwa anuwa mutenge."

A Hedi adaliwerenga pepalalo kuyambira pamwamba mpaka pansi, milomo ikuyenda. Adatulutsa cholembera chawo chofiira, n'kuzunguliza nambala ija, n'kulikankhiranso kwa mwini wake.

"Ndalibweza."

"Mwatani?"

"Ndalibweza. Mwalemba fote. Mwayesa imodzi."

A Ndime adagwira m'mphepete mwa tebulo. Zaka twente seveni, a ku likulu ndi magalasi awo onse osabweza pepala lawo ndi limodzi lomwe, lero libwezedwe ndi cholembera chochongera masamu. Zidawawawa kuposa msana.

"Mayi, ndikukuthandizani. Onsewo ndi ofanana. Anakhomedwa tsiku limodzi ndi munthu mmodzi, mwanena nokha."

"Ngakhale atakhala mapasa."

"Aa, koma nthawi zina munthu amagwiritsa ntchito nzeru."

"Zili pa ndime iti zimenezo?"

A Ndime adayang'ana buku. Sadalitsegule, pakuti ankadziwa kuti mulibe.

"Ine pepala lokayikitsa sindilifuna," adatero a Hedi. "A ku likulu akadzapeza mafuta adzafunsa kuti munawayesa liti madesiki fote galimoto ilibe matayala. Adzalibweza, kalipentala adzasiyira panjira, ana anga adzawoloka mtsinje. Ndikufuna pepala loti ngakhale inuyo simungalipezere chifukwa. Desiki siichitira inzake umboni, bambo."

"Nanga enawo ndikawayesa bwanji? Kusukulu kwanu sindingafike folo isanakwane."

A Hedi adadzuka, n'kupita pawindo, n'kukoka katani. Pabwalo la ofesi padaima lole, ndipo bambo wina wa chipewa adali atatsitsa kale katundu wake. Madesiki adandandalikidwa mizere itatu padzuwa, onse akuda, onse okulungidwa ndi waya, ena atatsamirana. Alembi a m'maofesi ena adali atayamba kutulutsa mitu m'mawindo.

"Sate naini," adatero a Hedi. "Wotchi ikuti hafu pasiti thu. Mukamagwa msangamsanga, osachedwa pansi, tikwanitsa."

A Ndime adaima pawindopo nthawi yaitali. Adafufuza m'mutu mwawo kuyambira ndime 1 mpaka ndime yomaliza, ndi timawu ting'onoting'ono tomwe, kufuna pothawira, koma buku limene adalitumikira moyo wawo wonse lidawatsekera makomo onse. Walira mvula walira matope. Adavula jekete, n'kulipachika bwinobwino pampando, n'kupinda manja a malaya. Adatenga mafomu, inki yotsala ndi chidindo.

"Iliyonse ndikhalepo," adatero mwaulemu wa munthu wopita kukachotsa dzino.

"Ndi kulembapo. Chidindo muzimenya ngati poyamba paja."

Pakhomo a Hedi adawaimitsa, n'kuwapatsa mtsamiro uja.

"Uwu muziuika kumbuyo. Si wa boma, sufuna kalata."

A Ndime adaulandira ndi manja awiri. Adauyang'ana, n'kugwira pamsana pamene pankawawa, n'kuwayang'ana mayiwo.

"Ndiye munali nawo nthawi yonseyi. Bwanji simunandipatse poyamba paja?"

"Koyambako ndimafuna mumve mmene amamvera ana."